Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo: tizirombo togona m'thupi ndi odwala nyamakazi a m'chigwa cha Shire

Kwa olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, ndi akuluakulu oyang'anira ntchito zaumoyo m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje,

Ndalemba kalatayi ndili ku Ngabu m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa limayamba kuwamba kusanache bwino ndipo ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pansi pa mitengo ya masawu. Ndine namwino wopuma pantchito, ndinatumikira zaka zambiri m'zipatala zing'onozing'ono za m'chigwa chino, ndipo ndiyambe ndi kuvomera kuti vuto limene ndabwera nalo kwa inu inenso ndinkalidutsa osaliona nthawi yonse imene ndinkavala yunifolomu. Ndikunena za anthu odwala nyamakazi ya mtundu wina, ija imene siyamba chifukwa cha ukalamba kapena khasu, koma chifukwa chakuti asilikali a m'thupi aukira thupi lawo lomwe, ndiponso za mavairasi amene amagona mwa anthu amenewa n'kudzadzuka matendawo kapena mankhwala ake akawapatsa mpata. Pempho langa lalikulu ndi lakuti wodwala wotere asayambitsidwe kapena kuwonjezeredwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi tisanafufuze chimene chagona mwa iye.

Mawu akuti nyamakazi kwathu kuno ndi dengu lalikulu limene timaponyamo chilichonse chopweteka m'mafupa. Agogo amene mawondo awo atha ndi zaka ali ndi nyamakazi, wodula nzimbe ku Nchalo amene msana wamukanika nayenso ali ndi nyamakazi. Koma m'dengu lomwelo mumabisala matenda awiri amene madokotala amawatcha rheumatoid arthritis ndi lupus, ndipo amenewa ndi osiyana kotheratu ndi enawo. Oyambawo amatupitsa mfundo za zala ndi za manja mbali zonse ziwiri mofanana; munthu amadzuka m'mawa zala zili gwa kwa ola lathunthu, osatha kumanga chitenje kapena kugwira mthiko, ndipo akapanda kuthandizidwa zalazo zimapindika osadzawongokanso. Lupus ndiye sasankha malo, amagwira mfundo, khungu, magazi, impso, mapapo ngakhale ubongo. Mwa odwala 10 alionse, 9 ndi akazi, ambiri a msinkhu wobereka, ndipo kafukufuku wa m'maiko angapo anaonetsa kuti mwa anthu akuda matendawa amayamba msanga ndipo amakonda kuwononga impso kuposa mmene amachitira mwa azungu. Matenda onse awiri amayenda ngati mtsinje wa Mwanza, umene lero ndi mchenga wokhawokha ana akusewerapo, mawa wasefukira mpaka kukokolola madimba. Chimene akatswiri akhala akusakasaka kwa zaka zambiri ndi mvula ya kumtunda imene imadzaza mtsinjewo, ndipo mavairasi odzuka ali m'gulu la zinthu zimene zala zambiri zikuloza.

Mwana wa mng'ono wanga, amene pa mwambo wathu ndi mwana wanga ndithu, anabadwa mu 1997, ndipo chaka chimenechi muchisunge chifukwa ndibwereranso kwa icho. Ali ndi zaka 23 anayamba kutentha thupi pafupipafupi, mfundo kuphwanya, tsitsi kuthothoka, zilonda kutuluka m'kamwa, ndipo akachokera kudimba masaya ake ankadetsedwa ndi zidzolo ngati wawauka ndi moto. Anamuyeza malungo kangapo, kawiri anawapezadi ndipo anamwa LA, koma kutentha thupi sikunathe. Achibale anapita naye kwa sing'anga, anamutema mphini m'mawondo ndi m'zigongono. Kenaka mayi wina wa pamsika anamulozera timapiritsi ting'onoting'ono totchedwa prednisolone, iye n'kukagula pa kagolosale kena popanda kalata ya dokotala, ndipo patangotha masiku atatu anadzuka n'kukatunga madzi. Nkhope inanenepa, anthu n'kumati wachira, osadziwa kuti chinali chikomekome cha mkuyu. Patapita chaka, miyendo itayamba kutupa ndipo mkodzo ukuchita thovu, tinakwera naye chitunda cha ku Thabwa kupita kumtunda, kumene kunadziwika kuti akudwala lupus.

Asodzi a ku Elephant Marsh amaidziwa bwino nsomba yotchedwa dowe, imene madzi akaphwa imadzikwirira m'matope n'kugona miyezi yambiri, mwakuti munthu akhoza kuyenda pamwamba pake osadziwa kuti pansi pali chamoyo, koma mvula ikagwa imadzuka. Mavairasi ena amachita chimodzimodzi m'thupi la munthu. Kachirombo ka katsabola mwana akachira sikachoka ayi, kamakabisala m'mizu ya minyewa pafupi ndi msana, n'kudzatuluka patapita zaka 20 kapena 50 ngati mashingozi. Kachirombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B kamakhazikika m'chiwindi. Zilonda za pamlomo zija zimatuluka munthu akadwala malungo kapena akapsa ndi dzuwa zimachokeranso kwa kachirombo kogona. Palinso tina tiwiri, cytomegalovirus ndi Epstein-Barr, timene timakhala m'maselo a m'magazi mwa anthu ambiri moyo wawo wonse. Chimene chimagoneka mavairasi onsewa ndi asilikali a m'thupi amene amawalondera usana ndi usiku, ndipo mlonda akafooka kapena akasokonezeka mutu, ogonawo amadzambatuka.

Ndikhalitse pang'ono pa Epstein-Barr, chifukwa mbiri yake inayambira kuno ku Africa ndipo ikutikhudza kuposa mmene ambiri timaganizira. Mu 1958 dokotala wa maopaleshoni Denis Burkitt, akugwira ntchito ku Uganda, anafotokoza za khansa yotupitsa nsagwada mwa ana, imene anamwino a m'mawodi a ana ku Malawi kuno amaidziwa bwino mpaka lero. Mu 1964 ku London, Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong anapeza kachirombo katsopano m'maselo ochokera m'chotupa chimenechi. Kamafala kudzera m'malovu, kali mwa anthu akuluakulu oposa 90 pa 100 alionse padziko lonse, ndipo kuno ku Africa ana ambiri amakatenga akadali aang'ono kwambiri. Nyumba yake ndi maselo a B, omwe ntchito yawo ndi kusula zida zotchedwa ma antibody. Apa ndi pamene nkhaniyi imakumana ndi lupus, chifukwa mu lupus maselo a B omwewa ndi amene amasula zida zolasa thupi la mwini wake.

Mu 1997 Judith James ndi John Harley ku Oklahoma anayeza ana ndi achinyamata odwala lupus, ndipo anapeza zizindikiro za Epstein-Barr mwa 116 pa odwala 117, pamene mwa anzawo 153 osadwala anazipeza mwa 107 okha. Kafukufuku wina wotsatira anaonetsa kuti m'magazi a odwala lupus kachiromboka kamakhala kochuluka kuposa mwa anthu ena, kusonyeza kuti mwa iwo sikagona tulo tofa nato, kamangodzukadzuka. Zinadziwikanso kuti kachigawo kena ka kachiromboka, kotchedwa EBNA-1, kamafanana maonekedwe ndi tizigawo tina ta maselo a munthu, mwakuti mlonda amene wauzidwa kuti agwire wakuba wovala malaya ofiira amatha kumenya mwana wa mwini nyumba chifukwa nayenso wavala zofiira. Mu 2018 gulu la Harley, tsopano lili ku Cincinnati, linasonyeza kuti kachigawo kena, EBNA2, kamakakhala pa pafupifupi theka la malo a m'majini amene amadziwika kuti amakweza chiopsezo cha lupus, ndipo linapeza zofanana nazo pa rheumatoid arthritis. Umboni wamphamvu kwambiri wakuti kachiromboka kakhoza kuyambitsa matenda a thupi lodziukira lokha unabwera mu 2022 pa matenda ena a minyewa otchedwa multiple sclerosis, pamene kafukufuku wa asilikali a ku America oposa 10 miliyoni anaonetsa kuti chiopsezo cha matendawo chimakwera ka 32 munthu akatenga Epstein-Barr.

Ndisakunamizeni kuti kachiromboka pakokha ndiye gwero la lupus, pakuti pafupifupi tonse tili nako koma odwala lupus ndi ochepa. Pamafunikanso magazi a kumtundu, mahomoni a chikazi, dzuwa ndi zina. Akatswiri akukambiranabe kuti pa kudzuka kwa kachirombo ndi kusefukira kwa matenda chimayamba ndi chiti, ndipo zikuoneka kuti ziwirizi zimakokana ngati ng'ombe za pangolo imodzi. Koma pali chinthu chimodzi chimene chiyenera kutitsegula maso ife a m'chigwa. Malungo amadzutsa Epstein-Barr. Ku Kenya anayerekeza ana a ku Kisumu, kumene malungo satha chaka chonse, ndi ana a kumapiri a Nandi, kumene malungo ndi apatalipatali, ndipo anapeza kuti a ku Kisumu anali ndi kachiromboka kochuluka m'magazi. Chikwawa ndi Nsanje ndi Kisumu wathu. Pamene zili choncho, chiphunzitso chimene ambiri a ife tinakula nacho kusukulu ya unamwino chinali chakuti lupus ndi rheumatoid arthritis ndi matenda achilendo kuno. Maganizowa ali ndi mbiri yake: mu 1968 Brian Greenwood, akugwira ntchito ku Ibadan m'dziko la Nigeria, anaona kuti odwala otere anali ochepa m'chipatala chake ndipo anaganiza kuti mwina malungo amateteza anthu. Funso lake linali lanzeru, koma ife tinalisandutsa yankho, ndipo matenda amene munthu wauzidwa kuti kulibe sawafunafuna.

Mbali yachiwiri ya nkhaniyi ilibe mtsutso uliwonse, ndipo ndi imene ikupweteka anthu athu lero. Mankhwala amene amaziziritsa lupus ndi rheumatoid arthritis amagwira ntchito pofooketsa asilikali a m'thupi, omwe ndi alonda aja. Pamene Philip Hench wa ku Mayo Clinic anapereka cortisone kwa wodwala rheumatoid arthritis mu 1948, wodwalayo anadzuka n'kuyenda, dziko linazizwa, ndipo mu 1950 Hench analandira mphotho ya Nobel. Prednisolone ndi mdzukulu wa mankhwala amenewo ndipo amachitabe zozizwitsa zomwezo, monga tinaonera pa mwana wanga. Koma walira mvula walira matope. Akamwedwa kwa miyezi, kuwonjezera pa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufewa kwa mafupa, amatsegula chitseko cha khola lonse la mavairasi ogona.

Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, mwana wangayo anali kutsidya la kum'mawa kwa Shire, kumene anakwatiwa. Nyumba inagwa ndipo anakakhala pamsasa wa pasukulu ina pamodzi ndi mazana a anthu. Patapita masiku angapo anamva kutentha ngati tsabola kumbali imodzi ya nthiti, kenaka kunatuluka matuza ondandalikana kuchokera kumsana kudzafika pachifuwa. Inu akuluakulu mukudziwa tanthauzo limene mashingozi ali nalo m'midzi mwathu kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene zipsera zake zinkatengedwa ngati chidindo cha Edzi. Iye anabisa matuzawo m'chitenje kwa sabata yathunthu poopa manong'onong'o a pamsasa, ndipo mwamuna wake atawaona anayamba kumufunsa mafunso opweteka kuposa matuzawo. Atayezedwa anapezeka kuti alibe HIV. Chinadzutsa kachirombo ka katsabola chinali lupus pamodzi ndi prednisolone, kuphatikizapo njala ndi nkhawa za pamsasa. Mankhwala a acyclovir amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72 matuza atatuluka. Iye nthawiyo inali itamudutsa kalekale, ndipo kuwawa kwa m'nthiti kunamutsatira miyezi yambiri zilonda zitapola. Mashingozi akagwira diso amatha kuchititsa khungu.

Chachikulu chinali chisanafike. Mapiritsi ake anapita ndi madzi pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala, misewu inali itaduka, ndipo anasiya prednisolone mwadzidzidzi, chinthu chimene pachokha chikhoza kupha munthu amene wamwa mankhwalawa nthawi yaitali. Patapita milungu ingapo maso anachita chikasu, mkodzo unada ngati tiyi, chakudya chinamukanika. Apa ndi pamene anamuyeza koyamba matenda a chiwindi a mtundu wa B, ndipo anapezeka nawo. Mmene zimachitikira ndi motere: pa miyezi yonse imene prednisolone wagoneka alonda, kachirombo kamaswana mwakachetechete m'chiwindi munthu osamva kanthu, ndipo mankhwala akachepetsedwa kapena kusiyidwa alonda amadzuka, n'kupeza chiwindi chadzaza adani, n'kuyamba kuchigumula pofuna kuwatulutsa. Ena chiwindi chimalephereratu ndipo amamwalira. Pamalo ponse pamene mwanayu anadutsa, kuyambira pagolosale paja, panalibe amene anaganiza zomuyeza kachiromboka asanamwe mankhwala, ndipo ine mwini, namwino wa m'banjamo, sindinaganizeko.

Tsopano ndibwerere ku 1997. Katemera wa matenda a chiwindi a mtundu wa B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana ku Malawi mu 2002, kutanthauza kuti amayi ambiri amene lero ali pamsinkhu wodwala lupus ndi rheumatoid arthritis anabadwa katemerayu asanafike. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali ndi kachiromboka kokhazikika, ndipo pafupifupi 65 miliyoni mwa iwo anali mu Africa muno. Ambiri anakatenga ali makanda ndipo sadziwa kuti ali nako. Malangizo a akatswiri a matenda a m'mimba ndi chiwindi ku America amaika munthu amene ali ndi kachiromboka, akamamwa prednisolone wa 10 mg kapena kuposerapo tsiku lililonse kwa milungu 4, m'gulu la anthu amene ali pachiopsezo chachikulu. Piritsi limodzi ndi 5 mg, choncho tikunena za mapiritsi awiri okha patsiku. Chondiwawa n'chakuti kuyeza kwake n'kwapafupi, dontho la magazi a pachala monga timachitira ndi malungo, ndipo mankhwala ogoneka kachiromboka ndi tenofovir, yemweyo amene ali m'ma ARV amene timagawa tsiku ndi tsiku. Malangizo atsopano a WHO a mu 2024 anafutukula chiwerengero cha oyenera kulandira mankhwalawa, ndipo analola kugwiritsa ntchito tenofovir wophatikiza ndi lamivudine kumene tenofovir payekha sapezeka.

Pali mbali yachitatu imene imasautsa wogwira ntchito pachipatala chakumudzi kuposa zonse. Kachirombo kodzuka kamavala nkhope ya matenda enieniwo. Mayi wa lupus akabwera ndi kutentha thupi, kufooka, kuchepa kwa maselo oyera m'magazi, kutsegula m'mimba kapena kubanika, akhoza kukhala kuti lupus wasefukira, ndipo akufunika prednisolone wochuluka; akhozanso kukhala kuti cytomegalovirus wadzuka, ndipo kumuwonjezera prednisolone n'kuthira mafuta pamoto. Ife amene tinagwira ntchito ma ARV asanabwere timamukumbukira cytomegalovirus chifukwa cha odwala Edzi amene anachita khungu tikuona. Chimodzimodzinso kachirombo koyambitsa khansa ya Kaposi, kamene n'kofala m'dziko muno, kamakondwa ndi prednisolone, ndipo timadontho takuda ta pamwendo tikhoza kufalikira msanga munthu akapatsidwa mankhwalawa. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti anthu 8.9 pa 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV, choncho odwala nyamakazi ena ali ndi kachiromboka, ndipo zimadziwika kuti ena mwa iwo matenda a thupi lodziukira lokha amaonekera kapena kukula chitetezo chikamabwerera atayamba ma ARV. Chifuwa chachikulu si vairasi, koma nachonso chimagona ndi kudzuka m'njira yomweyi ndipo sichiyenera kuiwalika. Mthandizi wa dokotala amene ali yekha pachipatala, mzere wa odwala ukufika panja, sangathe kusiyanitsa zonsezi ndi maso okha, ndipo si chilungamo kumusiyira chisankho chotere popanda malangizo olembedwa ndi nambala ya foni ya dokotala woti amufunse.

Chimene chikundilimbitsa mtima polemba kalatayi n'chakuti msewu woyendamo munaulambula kale pa nkhondo yolimbana ndi HIV. Alangizi oyeza magazi alipo, njinga zamoto zonyamula magazi kuchokera m'zipatala zing'onozing'ono zilipo, makina a GeneXpert oyezera chifuwa chachikulu ali m'zipatala za maboma ndipo makina amenewa amathanso kuwerenga kuchuluka kwa kachirombo ka chiwindi akapatsidwa zoyezera zake. Ndikupempha kuti m'buku la malangizo a kaperekedwe ka mankhwala mulembedwe momveka bwino kuti aliyense amene akuyembekezeka kumwa prednisolone kupitirira mwezi, kapena kuyamba methotrexate, azathioprine kapena cyclophosphamide, ayambe wayezedwa HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B, afunsidwe za chifuwa, ayang'anidwe khungu ndi m'kamwa, ndipo zotsatira zake zidindidwe patsamba loyamba la kabuku kake ka kuchipatala kuti aliyense womuona pambuyo pake asayambirenso kufunsa. Wopezeka ndi kachirombo ka chiwindi ayambe tenofovir nthawi yomweyo ndipo apitirize kwa miyezi ingapo ngakhale prednisolone atasiyidwa. Ndondomeko ya PEN-Plus, imene kuno ku Malawi inayambira ku Neno ndipo imasamalira odwala shuga ya ana, sickle cell ndi matenda a mtima pachipatala cha boma, yaonetsa kuti anamwino ndi madokotala aang'ono akaphunzitsidwa bwino amatha kusamalira matenda ovuta kufupi ndi kwawo kwa wodwala. Odwala lupus ndi rheumatoid arthritis apatsidwe mpando m'makiliniki oterewa, pakuti madokotala odziwa za matendawa ndi ochepa kwambiri mu Africa monse ndipo kudikira kuti aliyense akaonane ndi katswiri ku Blantyre n'kudikira madzi a mphutsi.

Njira yotsimikizika yochepetsera kudzuka kwa mavairasi ndi kuchepetsa prednisolone, ndipo prednisolone sachepetsedwa ndi mawu, amachepetsedwa ndi mankhwala ena olowa m'malo mwake. Hydroxychloroquine ndiye msana wa chithandizo cha lupus: amachepetsa kusefukira kwa matenda, safooketsa alonda monga amachitira enawo, ndipo mayi woyembekezera akhoza kumwa. Ndi mbale wake wa chloroquine, amene Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya pochiza malungo mu 1993. Chisankho chimenecho chinali cholondola pa malungo, koma sichiyenera kutiiwalitsa kuti banja la mankhwalawa lili ndi ntchito ina. Pa rheumatoid arthritis pamafunika methotrexate, womwedwa kamodzi pa sabata pamodzi ndi folic acid, osati kwa mayi woyembekezera. Ndikupempha kuti a Central Medical Stores Trust ndi oitanitsa mankhwala m'maboma awiriwa aziika mankhwala amenewa pamndandanda wa osayenera kusowa, pamodzi ndi timapepala toviika mumkodzo toonetsa ngati impso zayamba kutaya mapuloteni.

Acyclovir azipezeka pachipatala chilichonse chaching'ono, chifukwa maola 72 amatha munthu akadali kufunafuna ndalama ya bwato. Alangizi a zaumoyo m'midzi, mawayilesi a m'madera ndi a Chipatala cha pa Foni pa 54747 afalitse uthenga wakuti mashingozi amagwira aliyense amene chitetezo chatsika pa chifukwa chilichonse, ndi kuti kufulumira n'kofunika kuposa manyazi. Katemera wa mashingozi wotchedwa Shingrix, amene anavomerezedwa ku America mu 2017 ndipo amaperekedwa ngakhale kwa ofooka chitetezo, ndi wodula, ndipo kunena zoona sindingakupempheni kuti muyambire pamenepo zoyezera chiwindi zisanafike paliponse.

Za prednisolone wa m'magolosale ndi m'misika, bungwe loona za mankhwala la PMRA lili ndi mphamvu pamalamulo ndipo lizigwiritse ntchito. Koma ndikuchenjezeni mwaulemu kuti kulanda mapiritsi kokha kukhoza kuvulaza anthu, chifukwa pali ena amene akhala akumwa kwa zaka ndipo kuwadula mwadzidzidzi n'kuwaika pangozi. Anthu amenewa sagula chifukwa cha umbuli. Amagula chifukwa zala zikutupa, thonje likudikira kutoledwa, ndipo golosale ili pafupi kuposa chipatala. Kulanda kuyendere limodzi ndi kuitana: aliyense amene wakhala akumwa timapiritsi timeneti abwere, asakalipiridwe, ayezedwe, ndipo achepetseredwe pang'onopang'ono.

Chigwa chino chinamira mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 ndi Idai, mu Januwale 2022 ndi Ana, ndi mu 2023 ndi Freddy, ndipo palibe wa ife amene amakhulupirira kuti madzi anatsanzika. Pa nthawi zoterezi ogwira ntchito zaumoyo amayesetsa kufufuza omwe ali pa ma ARV ndi mankhwala a chifuwa chachikulu kuti asadukize, ndipo ndi ntchito yotamandika. Ndikupempha kuti pokonza mapulani a ngozi pamodzi ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, omwe ali pa prednisolone ndi tenofovir wa chiwindi alembedwe pamndandanda womwewo, apatsidwe mankhwala a miyezi itatu mvula isanayambe, ndipo bokosi lililonse lopita kumsasa wa ku Bangula, ku Makhanga kapena kwina kulikonse likhale ndi prednisolone ndi acyclovir. Tenofovir nayenso akasiyidwa mwadzidzidzi chiwindi chimatha kuyaka.

Kuyeza Epstein-Barr m'zipatala za maboma sindikupempha, chifukwa palibe mankhwala omuchotsa m'thupi ndipo katemera wake akadali poyesedwa, choncho zotsatira zake sizingasinthe chithandizo cha wodwala lero. Imeneyo ndi ntchito ya ofufuza. Sukulu ya ukachenjede ya KUHeS ndi bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene lakhala likuchita kafukufuku wa malungo ku Chikwawa kwa zaka zambiri, ali pamalo abwino kuposa akatswiri a ku Oklahoma oti ayankhe funso la Greenwood, pakuti malungo, Epstein-Barr, HIV ndi dzuwa loposa madigiri 40 zonse zakumana m'chigwa chimodzi. Poyambira pake ndi kaundula wamba m'zipatala za Chikwawa, Nsanje, Ngabu, Montfort ndi Trinity, wolembamo wodwala aliyense, mankhwala amene akumwa, tsiku limene matenda anasefukira, ndi ngati masiku amenewo anadwala malungo, mashingozi kapena chikasu. Ife anamwino opuma tilipo ambiri m'midzimu ndipo zolembera tikadali nazo. Mukatiitana tidzabwera kudzathandiza kulemba.

Mwana wanga anapulumuka. Lero akumwa tenofovir, hydroxychloroquine ndi piritsi limodzi la prednisolone, amavala chipewa chachikulu cha mlaza akamapita kudimba, ndipo kabuku kake katsopano amakasunga m'jumbo ziwiri zomangidwa pamwamba pa denga. Tsiku lake lokatenga mankhwala likudzali lili mu Januwale, mwezi umene Shire ndi Ruo sizipanganika, ndipo ndikupempha kuti yankho lanu pa za mankhwala a miyezi itatu lifike m'zipatala zathu Disembala asanathe.

Ine wanu mwaulemu,

Namwino wopuma pantchito,
Ngabu, Chikwawa